Kaundula wa padambo ku Mufakose: mmene Febuluwale 2025 wayendera

Mwezi ukatha ndimakhala pansi ndi kaundula wa gulu lathu n'kumawerenga mayina: ndani anabwera, ndani anapereka kanthu, ndani wasiya kuoneka. Ndi ntchito imene munandisenzetsa pondisankha ulembi. Ndimalemba m'Chichewa chifukwa amene anayambitsa ntchitoyi ndi makolo athu, amene akalambira muno mu Harare koma nkhani ikalemera amabwerera ku chiyankhulo cha kwawo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, choncho sitichita nacho manyazi.

Kwa inu amene simukutidziwa, tili ku Mufakose ndipo tikusamalira kadambo kamene madzi ake amatsikira mumtsinje wa Marimba. Marimba amakathira mu Lake Chivero, damu limene linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo madzi a mu Chivero ndi amene amayeretsedwa ku Morton Jaffray n'kupopedwa kubwerera mumzinda. Harare anakhala kumtunda kwa chitsime chake. Chimene tataya kuseri kwa nyumba, mvula imachikokolola kupita nacho kumene timamwa.

Mwezi uno mayina achuluka m'kaundula kuposa miyezi yonse chiyambire. Komabe mtima wanga sunakhazikike, chifukwa mayina amene ndinkayembekezera kwambiri ndi amene anasowa pakati pa mwezi.

Lamulungu, 2 Febuluwale

Ili ndi tsiku lokumbukira madambo pa dziko lonse. Linasankhidwa chifukwa pa 2 Febuluwale 1971 mayiko anavomereza pangano loteteza madambo mumzinda wa Ramsar ku Iran. Titaweruka ku mapemphero tinasonkhana pamthunzi kumtunda kwa dambo, ndipo anthu anabwera ochuluka kuposa mipando imene tinabwereka. Ndikuganiza kuti chinawakoka ndi nkhani ya mu Disembala, pamene zipembere zinayi zinafa ku Chivero zitamwa madzi okhala ndi ndere yakupha imene imabuka madzi akalowa zonyansa zambiri. Nkhaniyo inamveka pa kombi, pa msika, paliponse. Anthu ankafunsana kuti ngati madzi agwetsa chipembere, nanga mwana?

Amene anatiphunzitsa ndi aphunzitsi a sayansi a pasukulu ina yapafupi, amene akhala akutithandiza kuyambira chaka chatha. Iwo ankayankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, ine ndikumasulira agogo athu. Anatiuza kuti mu 2013 Zimbabwe inalembetsa malo 7 pansi pa pangano la Ramsar, ndipo atatu ali konkuno: Monavale, Cleveland Dam, ndi Chivero pamodzi ndi Manyame. Monavale ali kumtunda kwa Marimba yemweyu. Anatikumbutsanso kuti mu Julaye 2025 mayiko onse a m'panganoli adzakumana ku Victoria Falls. Kadambo kathu sikali pa mndandanda uliwonse, ndipo nthumwi zimenezo sizidzakamva n'komwe, koma madzi ake amakafika kumodzimodzi.

Chimene chinagwira anthu mtima si mayina a malowo ayi. Aphunzitsiwo anabwera ndi mabeseni awiri obooka pansi. M'limodzi anaikamo chibuma cha m'dambo chokhala ndi udzu ndi mizu yake, m'linalo dothi lagwa la m'mphepete mwa msewu. Anathira madzi a matope mofanana. Pa dothi lagwa madzi anangosefukira pamwamba n'kutayikira pambali ali ofiira. M'chibuma muja analowa, anakhalitsa, kenaka anayamba kudontha pansi pang'onopang'ono atayererako. Anati ndi mmene dambo limachitira: limamwa mvula ya dzinja, limasefa, n'kumautsira mtsinje pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Ana anaumirira kuti abwereze kawiri.

Pomaliza anatchula lamulo loti munthu asalime pasanathe mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, ndiponso kuti kulima kapena kumanga m'dambo kumafuna chilolezo cha EMA, bungwe loona zachilengedwe. Ndinamasulira mawuwo monga mmene analili. Ndinaona amayi a madimba akuyang'anizana, koma sindinaime kuti ndiwafunse maganizo awo. Ndikanaima pamenepo, mwina za Lachisanu lotsatira sizikanachitika.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Lachisanu loyamba la mwezi ndi tsiku losesa dziko lonse, kuyambira 8 mpaka 10 koloko m'mawa, monga linakhazikitsidwa mu Disembala 2018. Ife timagwiritsa maola awiriwo pa khwawa lodutsa pakati pa dambo. Ulendo uno ana asukulu anabwera gulu, ndi aphunzitsi awo, ndipo magolovesi sanakwane. Ena tinawamangira majumbo m'manja.

Zinyalala zake ndi zomwezo za mwezi ndi mwezi, koma mvula ya mu Januwale inaziunjika zonse pakamwa pa kalavati mpaka madzi anayamba kudzera pamsewu. Zochuluka koposa ndi matewera a ana otaya, olemera ngati miyala chifukwa chomwa madzi. Kenaka majumbo, mabotolo a zakumwa, ndi timbale ta kaylite toikamo chakudya, timene tinaletsedwa mu 2017 koma tikuonekabe. Kalavati tinamutsegula ndi mafosholo ndi chitsulo chachitali. Madzi atayamba kuyenda, ana anakuwa ngati pa mpira. Mabotolo anatenga ndi achimwene ena amene amakagulitsa kwa ogula mapulasitiki, zotsalazo tinaunjika pamsewu podikira galimoto ya zinyalala.

Pamene ife tinali pa kalavati, anyamata angapo a m'gulu lathu anatsika ndi zikwanje kumunsi. Tinawatuma kukadula lantana, chitsamba cha minga chija chimene chikumeza m'mbali mwa khwawa. Iwo, mawu a Lamulungu ali m'mutu, anayeza ndi mapazi kuchokera pamadzi n'kutchetcha mizere ya chimanga imene inali pafupi. Chimangacho chinali chitamasula, china chitabereka kale. Sabata ziwiri kapena zitatu mwini wake akanayamba kudya mondokwa.

Mundawo ndi wa agogo ena aakazi, amasiye, amene akulera zidzukulu. Anafika tikumwazikana. Sanakalipe. Anatola mapesi angapo, anawayang'ana, n'kuwasenza pamutu kupita nawo kunyumba. Madzulo ake ndinalemba m'kaundula chiwerengero cha obwera, chachikulu kuposa kale lonse, ndipo dzanja linkandilemera.

Loweruka, 8 ndi 15 Febuluwale

Loweruka ndi tsiku la nazale. Amene amasamalira nazaleyo tsiku ndi tsiku ndi amayi a madimba, chifukwa ndi amene amakhala padambo m'mawa uliwonse. Pa 8 sipanabwere ngakhale mmodzi. Pa 15 chimodzimodzi. Nkhuku zinalowa pampanda n'kupalasa machubu a masuku, amene anzathu a Chishona amati mazhanje, ndipo udzu unamera m'machubu a katope. Tinapalira atatu okha, ine, a msungichuma ndi mtsikana mmodzi wa sekondale.

Pakati pa sabata yomweyo chivundikiro cha suweji chinaphulika kumtunda kwa nyumba zomaliza, zonyansa n'kumatsikira m'khwawa lomwe tinakonza lija. Tinakanena, ndipo patapita masiku anabwera kudzatsegula paipi. Kuno nkhani ya suweji sitiichedwetsa. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Budiriro, amene ali pafupi nafe, anali pakati penipeni pa mliriwo. Mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Ambiri a ife tili ndi manda a zaka zimenezo. Kale zoterezi tinkazimva tsiku lomwelo kwa amayi a madimba. Ulendo uno tinazimva mochedwa, kwa mwana amene anadwala m'mimba atasewera m'madzimo. Mwanayo wachira.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Tinapita atatu kwa agogo aja: a wapampando, mkulu wa mpingo mmodzi, ndi ine. Tinatenga ufa, shuga ndi botolo la mafuta ophikira. Anyamata awiri mwa otchetcha aja anatiperekeza, ndipo anakhala pansi pakhonde osayankhula.

A wapampando anayamba ndi malonje, kenaka anati, "Agogo, tabwera ndife ana anu, talakwa. Chimanga chija tadula ndi ife tonse, osati anyamatawa okha." Agogowo anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana ine, poti ndine ndinamasulira za mamita 30 zija, n'kunena kuti, "Mwanawe, iwe kwanu n'kuti?" Ndinayankha kuti agogo anga aamuna anachokera ku Ntcheu, koma ine ndinabadwira konkuno. Iwo anati, "Ndiye ukudziwa. Anzathuwa akamapita ku Murewa kapena ku Gutu pa Isitala amabwerako ndi matumba. Ine ndikatenge kuti?"

Funso limeneli ndakhala nalo mwezi wonse, ndipo ndikufuna lilembedwe muno kuti amene adzatenge ulembi pambuyo panga adzalipeze. Makolo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland, ena ku Mozambique ndi ku Zambia, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'mafakitale, pa njanji ndi m'nyumba za azungu. Ambiri anafika nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, ena kale kuposa apo. Anakwatira kuno, anabereka kuno, ndipo njira yobwerera inamera udzu. Mnansi wa Chishona ali ndi nyumba m'tauni ndi munda kumudzi. Wa kwathu ali ndi nyumba ya m'lokeshoni basi. Amuna awo a agogowa anachokera ku Dedza, anagwira ntchito m'fakitale ku Southerton mpaka kupuma, ndipo penshoni yawo inasungunuka mu 2008 pamene ndalama inasanduka mapepala. Kamunda ka m'dambo ndiye mudzi wawo wonse.

Anatikumbutsanso za chaka chatha, pamene mvula inadula ndipo boma linalengeza mu Epulo 2024 kuti chilala cha El Niño ndi ngozi ya dziko lonse. Chimanga cha kumtunda chinapserera chisanamasule. Amene anakololako kanthu ndi okhawo olima pachinyontho, ndipo mizere ya kufupi ndi madzi, imene anyamata anatchetcha, ndi imene inadyetsa zidzukulu zawo. Chaka chino anabzalanso pomwepo chifukwa sankadziwa kuti mvula ibwera bwanji. Ndani angawanene kuti analakwa kuganiza choncho?

Ufa analandira. Anyamata aja anagwada n'kupepesa ndi pakamwa pawo, m'Chichewa chawo chothyokathyoka, ndipo agogowo anawatchula mayina a agogo awo mmodzimmodzi, kuti adziwe kuti akuwadziwa kuchokera kutali. Tikutsanzika anati tibwere Lachiwiri m'mamawa padambo, tivale majombo.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Ili ndi tsiku limene ndaphunzira zambiri chiyambire ntchitoyi. Ndinapempha tchuthi cha theka la tsiku, aphunzitsi aja nawonso anabwera asanalowe m'kalasi. Agogowo anatsogola ndi ndodo, amayi ena awiri a madimba akutsatira patali, osafuna kuoneka ngati abwerera m'gulu.

Anayamba kutionetsa pamene panali kasupe. Lero pali mulu wa zidutswa za njerwa ndi simenti zimene malole amadzakhuthula usiku. Anati kale madzi ankatumphuka pamenepo chaka chonse, ndipo ankachapapo matewera a nsalu a mwana wawo woyamba. Anabaya ndodo m'mbali mwa muluwo, ndipo inatuluka yonyowa. Kasupe akadalipo, wangotsekedwa pakamwa. Ife takhala tikudutsa pamenepo miyezi yonseyi n'kumati ndi dzala chabe.

Kenaka anatidutsitsa m'dambo lonse akutchula malo ndi zimene zimamerapo. Apa panali mlulu woluka mphasa, unatha pamene anthu anayamba kukumba ngalande zoumitsa minda. Apa bango. Apa madzi amaima mpaka mu Ogasiti, apa amauma ikangotha Epulo. Dothi lakuda la makande limayambira pa chulu chija, kumtunda kwake ndi mchenga. Anatiuza kuti nkhanu zinasowa kaye, achule akadalipo koma achepa, ndipo nantchengwa amene ankamanga chisa mumtengo wa pakhwawa sanaonekenso chigwetsereni mtengowo. Akakowa okha ndiwo sanachoke. Aphunzitsi ankalemba m'kope mofulumira, ndipo pena ankafunsa kawiri.

Atafika pa chigwembe chimene chikukula chaka ndi chaka, anatiloza minda iwiri imene mizere yake inalunjika kumtsinje. Anati madzi amathamanga m'makwalala ngati m'mipope n'kukagumula gombe. Yawo anaipingasa, ndipo pakati pa munda ndi khwawa anasiya mzere wa udzu wosalima, wopapatiza koma wolimba. Feteleza sathira kufupi ndi madzi, osati chifukwa cha lamulo, koma chifukwa amangokokoloka ndipo ndalama yake alibe. Ndinaona ndi maso anga kuti pamunda wawo gombe silinagumuke.

Chomaliza chinatichititsa manyazi tonse. Pa 7 Disembala, Loweruka loyamba la mweziwo limene ndi tsiku lobzala mitengo m'dziko muno, tinabzala mbande za bulugamu m'mphepete mwa dambo, chifukwa ndi zimene tinapatsidwa ulere. Tinajambulitsa zithunzi, tinalemba m'kaundula ngati chipambano. Agogowo anaima pa mbande imodzi n'kunena kuti, "Uyu akakula amwa dambo lonse. Mukufuna madzi kapena mapolo?" Aphunzitsi anavomereza pomwepo. Anati madambo a mu Harare ndi a udzu, si a nkhalango, ndipo ntchito yosunga madzi imagwiridwa ndi mizu ya udzu ndi dothi la makande. Mtengo wakumwa kwambiri ngati bulugamu umaumitsa malo otere. Mitengo malo ake ndi kumtunda, kumene kunali misasa ndi masuku kale, ndipo katope yekha ndiye woyenera pagombe penipeni, apo ndi apo. Amayi aja anadziwa zimenezi tsiku lobzala lomwelo. Sanatiuze chifukwa palibe anawafunsa, ndipo iwo ankaona kuti gululi ndi la anthu ophunzira.

Loweruka, 22 Febuluwale

Msonkhano wa mwezi unatenga maola atatu ndipo unali wotentha. Amayi a madimba anabwera asanu, n'kukhala pamodzi kumbuyo.

Achinyamata ena sanagonje msanga, ndipo ndikufuna ndilembe maganizo awo mwachilungamo. Anati lamulo la mamita 30 silinaikidwe mwa nkhanza. Khasu likafika pagombe dothi limapita mumtsinje, feteleza amakadyetsa namasupuni ndi ndere ku Chivero, ndipo tikamamvera chisoni munthu aliyense dambo lidzatha tikuyang'ana. Zimenezi n'zoona, ndipo sindikufuna kuti chisoni chathu pa agogo chitiiwalitse. Kulima m'dambo kumaliwonongadi. Koma ine ndinayankha, ndipo ndikubwereza pano, kuti si ife apolisi, ndipo chikwanje chathu chinagwera pamene panali pofewa. Malole otaya zidutswa za njerwa pa kasupe sitinawaimitsepo. Kumtunda kwa dambo kwaoneka zikhomo zopaka utoto, zooneka ngati wina akudula mapuloti, ndipo palibe wa ife amene anazula ngakhale chimodzi kapena kufunsa mwini wake. Munda ukasiyidwa, udzu umabwerera pakapita zaka. Pamene pathiridwa konkire, dambo latha mpaka kalekale. Amene anali ku Blantyre mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, amasimba za Chilobwe mmene madzi anabwerera m'njira zake zakale mosafunsa kuti pamangidwa chiyani.

Mkulu wa mpingo uja anatithandiza kutera. Anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ife tinkafuna kusenza denga titathamangitsa eni nyumba. Tinagwirizana kuti palibe wa m'gulu adzakhudze mbewu ya munthu, zivute zitani. Chimanga chodulidwa chija tibweza ndi ufa mwezi ndi mwezi mpaka anthu akolole, kuchokera m'thumba la gulu, ndipo anyamata aja adzathandiza agogowo kukolola ndi kututa. Anthu akakolola, mu Epulo kapena Meyi, tidzayenda ndi chingwe pamodzi ndi eni minda, munda ndi munda, n'kuona kuti aliyense angabweze mizere ingati chaka chino. Sitifika mamita 30 ulendo umodzi, ndipo tisanamizane. Tiyamba ndi kukulitsa mzere wa udzu uja ndi kupingasa mizere yolunjika kumtsinje. Mpingo wina walola kuti otaya mizere alime kuseri kwa tchalitchi, m'maenje ophimbira ndi mapesi monga amachitira pa ulimi wosunga chinyontho wotchedwa Pfumvudza. Malowo ndi ochepa ndipo ndi ouma, sangafanane ndi pachinyontho. Amayi aja ananena zimenezi poyera, ndipo nkhaniyo tinaisiya yosatseka.

Za zikhomo tinalemba kalata yofunsa ngati pali chilolezo, potsamira ndime 73 ya malamulo aakulu a dziko, imene imapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake. Kalatayo yapita Lolemba pa 24. Bulugamu tinazula madzulo a tsiku lomwelo la msonkhano, nthaka ikadali yofewa, ndipo mbandezo anatenga bambo wina amene ali ndi malo ouma kunja kwa mzinda.

Za m'kaundula

Obwera mwezi uno achuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi Januwale, koma ambiri ndi ana asukulu a tsiku limodzi lija ndi anthu amene anabwera pa 2 chifukwa cha nkhani ya zipembere. Ndawalemba onse ndipo ndikuwathokoza. Koma ndazindikira kuti kaundula wanga ankawerenga mitu pa tsiku la chionetsero, osawerenga maso amene amakhala padambo masiku ena onse. Amayi a madimba sankalembedwa kawirikawiri, chifukwa pa Lachisanu losesa amakhala ali ku Mbare Musika kukapikula tomato, ndipo ntchito yawo yothirira nazale m'mamawa palibe ankaiona. Kuyambira Malichi ndawonjezera mizere iwiri m'bukumo: wina wa amene abweranso kachiwiri, wina wa amene agwira ntchito pa tsiku losakhala la gulu. Mtsikana wa sekondale uja wavomera kumadutsa padambo popita kusukulu n'kumalemba.

Opereka mwezi uno ndi awa, mosatchula mayina monga tinapangana. Sosaite ya maliro ya anthu akwathu inatibwereka mipando ndi mapoto pa 2, ndipo sinalipiritse. Bambo wowotcherera zitsulo pa mashopu anakonza wilibala yathu imene inathyoka mwendo. Kondakitala wa kombi wina wakhala akutisungira mabotolo a malita awiri amene timadula kukhala machubu, ndipo mwezi uno anabwera nawo thumba lathunthu. Abale athu a Chiyao a ku mzikiti anabwera pa 7 ndi mafosholo awo, ndipo ndi amene analowa m'madzi pa kalavati. Ndalama za m'thumba ndi zochepa, zambiri zapita ku ufa ndi magolovesi, ndipo a msungichuma adzawerenga zonse pa msonkhano wa Malichi.

Thandizo lina sindinkaliyembekezera. Kumunsi kwa dambo kuli kathengo kowirira kamene tonse timadziwa kuti sikalowedwa wamba, chifukwa ndi ka akuluakulu a gule wamkulu. Pa ulendo wa Lachiwiri aphunzitsi anaona kuti ndi malo okhawo m'dera lonse amene mitengo yachilengedwe yatsala yosadulidwa, ndipo udzu wa m'mbali mwake ndi wa mitundu imene kwina konse inatha. A wapampando anakaonana ndi akuluakuluwo mwa ulemu wake. Iwo anati mkati sitilowa, ndipo ife sitinapemphe zimenezo, koma alola kuti udzu wa kunja ukakhwima adzatidulire ngala zake kuti tikafese pamene minda idzabwerere m'mbuyo. M'gulu lathu muli a mipingo amene sagwirizana ndi za gule, ndipo ena anang'ung'udza. Ndawalemba akuluakuluwo pa mzere wa opereka mofanana ndi ena onse.

Pali dandaulo limodzi lochokera kwa achinyamata limene ndalilandira: zolembazi ena amavutika kuwerenga chifukwa anakulira m'Chishona. Tagwirizana kuti pa msonkhano ndiziwerenga mokweza, wina azimasulira, ndipo mayina a udzu, mbalame ndi malo amene agogo anatchula tiwalembe m'ziyankhulo zonse ziwiri m'kope lapadera. Kopelo tayamba, lili ndi masamba anayi.

Zotsala kulowa mu Malichi

Lachisanu losesa likubwera pa 7. Ulendo uno ana asanagwire thumba, agogo aja avomera kuyenda patsogolo pawo kuchokera pa kasupe mpaka pa kalavati, ndipo zikwanje zidzasungidwa ndi a wapampando mpaka tifike pa lantana. Mulu wa pa kasupe tiyamba kuuchotsa Loweruka pa 8, njerwa zake tikatsekera maenje a mumsewu wa kumashopu. Pafunika mawilibala ena awiri ndi anthu a mphamvu. Yankho la kalata ya zikhomo silinabwere, ndipo zikhomozo zawonjezekera zitatu kumbali ya msewu. Amayi awiri abwerera ku nazale, atatu sanabwerere. Chingwe cha mamita 30 sitinachipezebe. Amene ali nacho, kapena tepi ya amisiri omanga, abwere nacho pa 8.